Mapale Ochokera ku Burslem

Burslem, Lamulungu pa 5 Malichi 1961

Doreen mdzukulu wanga,

Ndakhala pansi 2 koloko masana ano nditangochoka ku tchalitchi, chipewa chikadali kumutu, chifukwa ndikachivula mkwiyo uzizira ndipo ndiyamba kukulembera zokoma. Moni. Ine ndili bwino, bondo lokha ndi limene likundiuza za mvula. Amalume ako a Cyril ali bwino, akadali ku ng'anjo, akadali osakwatira. Mnzanga wa pa benchi kufakitale ya mbale, Florrie Beech, akupereka moni ndipo akufunsa ngati unamwalira.

Ndamuyankha kuti sindikudziwa. Miyezi itatu, iwe! Mawu ako omaliza ndi khadi la Khirisimasi lija la chithunzi cha nyumba yopanda denga. Kodi ku Athens kulibe mapepala? Kapena Chigiriki chadzaza m'kamwa mpaka mawu athu akusowa potulukira?

Ndikukumbutse, poti ophunzira kwambiri amaiwala msanga. Mayi ako Ivy atapita ndi chifuwa cha fumbi la kufakitale unali ndi zaka zinayi. Masiku opanda sukulu ndinkakubisa pansi pa benchi yanga, iwe n'kumadya chikondamoyo cha ufa wa oti uku maso ali pa burashi. Zaka makumi asanu ndajambula maluwa pa mbale za anthu, ndipo tsiku limene unapambana mayeso opita kusukulu ya ana a madokotala ndinalumbira kuti dzanja lako silidzagwira mbale ya munthu. Uli ndi zaka khumi ndi zisanu akapitawo anabwera kudzakupempha, akuti mtsikanayu ali ndi diso. Ndinawauza kuti diso lake ali nalo ntchito, n'kuwatsekera chitseko. Ku yunivesite unapita ndi chikhoti cha malemu agogo ako aamuna chimene ndinachisokanso, ndipo unabwerako ukulankhula ngati wailesi. Ndiye taona mmene Mulungu amasekera. Waphunzira zaka zonsezi kuti ukakhale m'chipinda chapansi ukupukuta mapale a anthu amene anafa Yesu asanabadwe. Kuno mapale timataya kudzala. Kumeneko akupatsa nawo digiri.

Sindikudandaula ayi. Ndimakunyadira mpaka anthu amawoloka msewu akandiona ndikubwera. Koma ndiuze. Buku lakolo latha? Abwana ako aja, Pulofesa Tennick, amene unkati amadziwa chikho chilichonse cha Agiriki ngati mwana wawo, akupatsa ntchito anakulonjeza ija? Ukudya? Kuli mwamuna? Ngati kuli mwamuna nena, sindiluma anthu ndisanawaone.

Kunyumba zonse zili mmene unazisiyira. Mbale ya mayi ako ikadali pakhoma pa khitchini. Ndimaipukuta Loweruka lililonse, ndipo ndikamaipukuta ndimaiuza kuti mwana wake sakulemba.

Agogo ako,
Gertie Podmore


Athens, 26 Malichi 1961

Okondedwa Agogo,

Moni, ndipo ndathokoza kumva kuti muli bwino. Muwauze Anti Florrie kuti ndili moyo. Mwamuna kulibe. Ndinakhala chete chifukwa ndinkasowa poyambira, koma poti mwafunsa, nayi nkhani yonse.

Pali zikho makumi anayi zomwera vinyo, zina zili kuno, zina zinamwazikana m'maiko, zonse zojambulidwa atsekwe. Pulofesa Tennick anatchuka ndi zikho zimenezi. Zaka makumi atatu zapitazo analemba buku lonena kuti zonsezo anajambula ndi munthu mmodzi, n'kumupatsa dzina loti Mmisiri wa Atsekwe. Mwana aliyense wophunzira za Agiriki amaloweza dzina limeneli. Ine ntchito yanga inali yongoziyeza, kuzijambula m'kope ndi kutsimikizira zimene iwo ananena kale.

Koma mukudziwa matenda athu a ku Burslem: sitingagwire mbale osaitembenuza kuti tione kutako. Anzanga onse amayang'ana atsekwe. Ine ndinatembenuza chikho, maso anga n'kugwera pa mzere wozungulira m'munsi, uja mumajambula mbale ikuzungulira pa gudumu. Munandiphunzitsa kuti mzere umayamba wonenepa n'kuthera kamchira kowonda pamene burashi yanyamuka. Pa zikho makumi awiri ndi zitatu kamchirako kaloza mbali imodzi. Pa khumi ndi zisanu ndi ziwiri kaloza mbali inayo, ndipo makosi a atsekwe pa zikho zomwezo anakokedwa chobwerera. Ndinakhala pansi m'chipinda chozizira chija ndikuona m'maganizo mbale za Anti Florrie, amene amajambula ndi dzanja lamanzere. Agogo, pa benchi imeneyo panali anthu awiri, ndipo mmodzi anali wamanzere. Choipitsitsa n'chakuti zikho zimene Pulofesa amazitamanda kwambiri n'za wamanzereyo.

Ndinawalembera mosangalala, ndikuyesa kuti ndawapezera mphatso. Anabwera kuno mu Januwale, anandimvetsera mpaka kumapeto, n'kundifunsa kumene ndinaphunzira kuyang'ana motero. Apa pali chimene ndiyenera kuulula. Zaka zonsezi sindinawauzepo ntchito yanu. Atandifunsa kalelo ndinangoti agogo anga amajambula maluwa. Iwo anaganiza kuti ndinu dona wa m'nyumba yaikulu wojambula pofuna kutaya nthawi, ndipo ine sindinawakonze. Ulendo uno ndinawauza zoona. Anavula magalasi, anawapukuta, anati, "Mayi Shenton, mukuyerekeza mmisiri wa ku Athens ndi atsikana a m'fakitale? Atsikana amenewo alibe dzanja. Ali ngati makina, mbale chikwi nkhope imodzi."

Andipatsa njira ziwiri. Ndikachotsa chaputala chachinayi, chimene ndalembamo zimenezi, buku lidutsa ndipo ntchito yowathandiza ku London ndi yanga. Ndikakana, pa 22 Juni ndikaonekera pamaso pa akatswiri atatu, mmodzi mwa iwo ali iwo omwewo. Ndikagwa pamenepo ndiye kuti zaka zisanu ndi zinayi zapita m'madzi, chifukwa palibe yunivesite imene ingatenge munthu wokanidwa ndi a Tennick.

Mundikhululukire. Ndipo mundiuze, chifukwa ndayamba kudzikayikira: kodi ndikulota? Mbale yanu ndi ya Anti Florrie mungazisiyanitsedi osaona chizindikiro cha kutako?

Mdzukulu wanu,
Doreen


Burslem, Lachiwiri pa 11 Epulo 1961

Doreen,

Ndakhala pansi 7 koloko m'mawa uno tiyi ndisanamwe. Moni ndikukupatsa chifukwa ndinaleredwa bwino.

Ndiye ndine dona wa m'nyumba yaikulu? Ukanandiuza msanga bwenzi nditagula magolovesi ndi kagalu. Zala zanga izi, zopindika ngati mizu, zimene zinakuveka nsapato chaka ndi chaka, unazibisa m'thumba ngati chinthu chakuba. Mako ndi mako, mwanawe, usamuone kuchepa mwendo. Ine sukulu ndinalekeza ndili ndi zaka khumi ndi zitatu, koma sindinaphunzirepo kuchita manyazi ndi amene anandibereka. Phunziro limenelo likuoneka kuti limayambira ku yunivesite.

Kalata yako ndinamuwerengera Florrie. Titafika pamene pakuti alibe dzanja, anatambasula lake lamanzere lija, analiyang'ana, anati, "Nanga ichi n'chiyani, Gertie? Phazi?" Ndinati, "Khala chete, makina salankhula." Anaseka mpaka kutsokomola, koma ine sindinaseke.

Ukundifunsa ngati ndingasiyanitse mbale yanga ndi ya Florrie. Funso limeneli landipweteka kuposa bodza lija. Iwe, amene unakulira pansi pa benchi, lero ukufunsa zimenezi chifukwa mwamuna wa magalasi wakuuza kuti ukulota? Sindikuyankha ndi inki. Yankho likubwera m'bokosi, pa sitima ya pamadzi. Za chikhululukiro tidzakamba ndikamwa tiyi, kaya chaka chino kaya chamawa.

G. Podmore


Athens, 9 Meyi 1961

Agogo,

Moni. Ndikhulupirira bondo lija likupepuka.

Bokosi lafika Loweruka. Ndinathamanga nalo kuchipinda ngati mwana. M'kati munali utuchi ndi mapale okhaokha, a mbale zathu zija za maluwa a buluu ndi mzere wagolide m'mphepete. Poyamba ndinayesa zaswekera m'njira. Koma ntchito yanga ndi mapale, Agogo. Ndimadziwa kusiyana kwa mbale yogwa ndi mbale yomenyedwa ndi hamala. Ndipo matako onse mulibe. Ndinakhuthula utuchi wonse pansi kufunafuna kakalata, ngakhale ka mawu awiri. Palibe.

Ndamva. Ndinakubisani, ndiye mwandiswera mbale za kunyumba kuti ndidziwe kuti patebulo palibenso malo anga. Sindikukutsutsani, ndinazifuna ndekha. Bokosilo ndalikankhira pansi pa bedi, sindingathe kuliyang'ana.

Ngati kwathu ndataya, ndisatayenso ntchito. Chaputala chija ndichichotsa. Kalata yovomera ndawalembera kale Pulofesa, ili pano patebulo, ndipo ndiitumiza kumapeto kwa mwezi uno pamodzi ndi buku ndikamaliza kulitayipanso. Wamanzere uja wakhala chete zaka zikwi ziwiri ndi theka. Akhoza kukhalabe chete.

Ngati simukufuna kulemba, amalume azingondiuza mmene mukupezera.

Doreen


Burslem, 17 Meyi 1961

Doreen, mwana wa mlongo wanga,

Ndine amalume ako. Moni. Sindine wolemba makalata, koma ndalamulidwa, ndipo wolamulayo waima kumbuyo kwanga ndi mpini wa tsache.

Kalata ili m'katimuyi inayenera kupita tsiku limodzi ndi bokosi. Amayi anandipatsa zonse ziwiri. Bokosi ndinatumiza. Kalata ndinaika m'thumba la jekete lopitira ku mpira, ndipo timu yathu itagonja Loweruka limenelo jeketelo ndinaliponya kuseri kwa chitseko osalivalanso. Yapezeka lero, yako itafika, amayi atandisecha ngati wakuba. Mayina amene anditchula sindingawalembe, ena sindinkadziwa kuti amawadziwa.

Palibe amene wakuthamangitsa. Mbale khumi ndi ziwiri ndinaswa ndine, iwo akuloza pomenya, Anti Florrie atatseka maso. Kenako anatitulutsa tonse panja, anatseka chitseko, ndinamva hamala ikulira kamodzinso. Pakhoma pa khitchini patsala msomali wokha. Nditafunsa anandiuza kuti ndisamale za ng'anjo.

Pepa, mwana. Ndikanadziwa bwenzi nditaimeza kaye mpirawo.

Cyril


Burslem, Lachinayi pa 13 Epulo 1961

Doreen wanga,

Ndakhala pansi 4 koloko madzulo ano. Tiyi ndamwa. Ndakukhululukira, koma usazolowere.

Tamvera tsono. Anthu akowo sakhulupirira mbale yathunthu, amakhulupirira mapale. Ndiye ndawapangira mapale. Zonsezo n'za maluwa amodzi, fakitale imodzi, benchi imodzi. Matako onse, pamene aliyense wa ife amaika kachizindikiro kake kuti akapitawo adziwe womukalipira, ndasunga ine m'chikwama changa chakuda. Usankhe mapalewo, dzanja lililonse mulu wake. Sindikuuza kuti manja ndi angati. Ukalephera ndiye kuti unkalotadi, chotsa chaputalacho ndipo sindidzanenanso kanthu. Ukakhoza, nyamula bokosilo upite nalo ku London ukalikhuthule patebulo pa bamboyo. Ine ndibwera ndi matako. Sitima ya ku London sindinakwerepo, koma akuti imapita yokha, sakukankhitsa.

Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Ndipo usandiuze za ntchito. Ntchito yoti uyambe watseka maso ako si ntchito, ndi ukapolo wovala bwino. Wamanzere wakoyo, kaya anali mwamuna kaya mkazi, anakhala pa benchi msana ukuwawa ngati ife, wina n'kudya dzina lake. Dziko lonse lapansi wamuona ndi iwe wekha. Ukamusiya, wasiya ine.

Agogo ako

Ndawonjezera lero pa 17 Meyi, kalatayi itatuluka m'thumba la chitsiru changa. Iwe, ndingakuthamangitse ndi mbale? Ndikanafuna kukuthamangitsa ndikanakuuza pamaso, pakamwa ndili napo. Ukatumiza kalata yogonjayo ndibwera ku Athens wapansi ndi bondo lomweli.


Athens, 26 Meyi 1961

Okondedwa Agogo,

Moni nonse, ndipo amalume muwasiye amoyo.

Kalata yovomera ija ndaing'amba. Buku lapita lonse, chaputala chachinayi chili momwemo, ndipo ndawadziwitsa Pulofesa kuti tikakumana pa 22 Juni.

Bokosi ndinalitulutsa pansi pa bedi, mapale ndinayala pa chinsalu, ndipo dzuwa lisanapendeke ndinali nditamaliza. Sindikulota. Miyulu iwiri ndinaiyembekezera. Wachitatu ndi waung'ono, mapale asanu ndi awiri okha. Agogo, mwachitiranji zimenezi? Inali imodzi yokha.

Mukwere sitima ya m'mawa pa 21 Juni, ndidzakuchingamirani. Muvale nsapato zofewa, London ndi wautali.

Doreen wanu


London, Lachisanu pa 23 Juni 1961

Florrie mnzanga, ndi iwe Cyril,

Ndakhala pansi 9 koloko m'mawa uno m'nyumba ya alendo imene dzira amaliphika mpaka life kawiri. Moni nonse. Sitima yanga ndi ya mawa, koma nkhaniyi siingadikire, ikunditentha m'kamwa.

Doreen waonda ngati burashi. Dzulo 2 koloko tinafika ku yunivesite, iye atanyamula bokosi, ine chikwama. Mlonda wa pakhomo, wa mabatani ambiri kuposa nzeru, anati abale saloledwa m'chipinda cha mayeso, ndikhale pa benchi panja. Ndinakhala. Benchi ndinaizolowera. Ola lathunthu ndikungomva mawu a mwamuna mmodzi akukwera ndi kutsika ngati mlaliki wa alendo, a mwana wathu osamveka n'komwe. Ndinadziwa kuti akumudya.

Kenako kunabwera mayi wa tiyi akukankha kangolo kake. Florrie, ukundidziwa. Dzanja linapita lokha. Ndinatenga sosala n'kuitembenuza. Kamtanda kako! Ndi zija za mzere wobiriwira tinkapangira masukulu ndi mahotela. Ndinati, "Mayi, zikho izi mwakhala nazo nthawi yaitali bwanji?" Anati, "Nkhondo isanayambe. Pulofesa Tennick samwera china." Ndinati, "Tsegulani chitseko, mukuoneka otopa, ndikuthandizani kukankha."

M'katimo munali atatu. A Tennick, wamtali, waukhondo, ndipo kunena zoona waulemu, anaimirira nditalowa. Mkulu wina wadazi amene dzina lake sindinalimve. Ndi mayi wa imvi wovala nsapato zachimuna, Dokotala Garbutt, wochokera ku yunivesite ina ya kumpoto. Bokosi linali pansi, losatsegula. Doreen nkhope ili mbuu.

"Mayi, mwasochera," anatero a Tennick.

"Sindinasochere, bambo. Ndine makina aja. Ndabwera kuti mundione ndikuyenda."

Doreen anaimirira. Khosi linali chilili. Anati, "Awa ndi agogo anga, Mayi Podmore a ku Burslem. Ajambula mbale m'fakitale zaka makumi asanu. Zonse zimene zili m'chaputala chachinayi anandiphunzitsa ndi iwowa." Florrie, ndikanafa pomwepo bwenzi nditafa wokhuta.

A Tennick anati malamulo salola. Dokotala Garbutt anati, "Malamulo akuti tiyese umboni, a Tennick. Ola lonseli mwatiletsa kutsegula bokosili, ine chidwi chandipha." Analinyamula yekha, kulikhuthula patebulo, n'kusakaniza mapale ndi manja awiri ngati akukanda buledi. Anati, "Yambani inu, a Tennick. Manja ndi angati?"

Bamboyo maso ali nawo, zimenezo sindingamulande. Anatulutsa galasi lake, anayang'ana nthawi yaitali, ine ndikuona khosi likufiira kuchokera pa kolala kupita m'makutu. Pomaliza anati, "Mwina awiri. N'zoonekeratu kuti mwachita kukonza wamanja ndi wamanzere kuti zigwirizane ndi nkhani yanu."

Ndinati, "Oho, makina amera manja tsopano?" Wadazi uja anatsamwa ndi tiyi.

Tsono anamupatsa Doreen. Anapinda manja a bulauzi, ndipo ndinaona kamwana kaja ka pansi pa benchi. Sanagwiritse galasi. Phale m'manja, kuyang'ana kamchira ka mzere, kuyang'ana tsamba, kuika. Tiyi asanazizire panali miyulu itatu. Ine ndinatsegula chikwama n'kuyamba kutulutsa matako limodzilimodzi. Asanu ndi limodzi a madontho anga atatu analowa m'mulu woyamba, dzino ndi dzino. Asanu ndi limodzi a kamtanda kako analowa m'mulu wachiwiri. Palibe phale limodzi losochera.

"Nanga kamulu aka?" anafunsa Dokotala Garbutt. "Uyu ndi wamanja ngati agogo anu. Mwamusiyanitsa bwanji?"

Doreen anati, "Anaphunzitsidwa ndi agogo, ndiye tsamba amaliyamba ngati iwo. Koma taonani mzere wagolidewu. Agogo amazungulira mbale yonse ndi mpweya umodzi. Uyu mzere wake waduka katatu. Mpweya unkamuthera." Anakhudza kamuluko. "Ndi mayi anga. Ndi mbale yomaliza imene anajambula."

Ndinatulutsa tako lomaliza, la kachilembo ka Ivy. Ndinaliika pa kamulu kaja. Linalowa.

Ndikanayenera kukhala chete, koma mukundidziwa. Ndinachotsa chikho cha a Tennick pa sosala yake, sosalayo n'kuitembenuza pamaso pawo. Ndinati, "Bambo, kamtanda aka ndi Florrie Beech, wamanzere, wa ana anayi. Mwamwera m'dzanja lake zaka zoposa makumi awiri. Simunalitembenuze n'kamodzi komwe."

Anatitulutsa kuti akambirane. Tinakhala pa benchi paja titagwirana manja ngati ana otayika. Atatiitana: awiri avomera, mmodzi wakana, ndipo wokanayo simukufunika kuuzidwa. Digiri yatheka, buku lituluka lonse.

Ntchito ya ku London yapita. A Tennick anamuuza pakhonde, mwaulemu wonse, kuti sangagwire ntchito ndi munthu amene wagwetsa nyumba yawo. Mwana wathu anati, "Sindinaigwetse, Pulofesa. Ndangopeza kuti munkakhala anthu awiri." A Tennick anavala chipewa n'kumapita, ndipo ndikuuzeni zoona, msana wawo unandimvetsa chisoni pang'ono. Pang'ono pokha.

Tikutsika masitepe, nsapato zachimuna zija zinatithamangira. Dokotala Garbutt wamuitana Doreen kukaphunzitsa kumpoto kuyambira Okutobala. Ndi chaka chimodzi chokha poyamba, kaofesi kopanda zenera, ndipo anachenjeza kuti anzawo a Tennick amuluma m'manyuzipepala a akatswiri kwa zaka zambiri. Doreen anati mano awo awaona. Mayiyo anati abwere ndi bokosi, ophunzira aziyamba ndi limenelo asanakhudze cha Mgiriki aliyense. Ndiye Florrie, ine ndi iwe tikupita ku yunivesite, ngakhale tikupita zidutswazidutswa. Ndipo m'bukumo munthu uja ali ndi dzina tsopano, Mmisiri Wamanzere. Uli ndi m'bale ku Athens, ukapeza mpata ukamuone.

Lero pa tiyi Dokotala Shenton, eya, ndiye dzina lake tsopano, wandifunsanso chifukwa chimene ndinaswera mbale ya mayi ake. Ndamuuza kuti zaka makumi awiri ndi zitatu yakhala pakhoma ikungondiyang'ana osanena kanthu, dzulo yalankhula, ndipo yalankhulira mwana wake. Walira, ine ndamuuza kuti adye dzira. Akuti imeneyo yokha siipita kumpoto. Aimata ndi guluu wa akatswiri, ming'alu izioneka koma igwira. Cyril, msomali uja usazule.

Florrie, ukawerenga kalatayi upite nayo ku benchi Lolemba, uwawerengere atsikana pa nthawi ya nkhomaliro, mokweza kuti akapitawo amve. Ikachoka pamenepo iwoloke ngalande ipite kwa anzathu a mafakitale a kutsidya, aliyense apatsire mnzake mpaka pepala lithe. Koma iziyenda dzanja ndi dzanja, poti manja tili nawo. Isalowe m'thumba la Cyril.

Ndine wanu,
Gertie Podmore, wa madontho atatu